Tsiku la Anakubala limayamba mu Seputembala

Funso: Ndine telala, ndimasoka madiresi ndi kugulitsa zitenje mumzinda wa Zomba. Ndili ndi tsamba pa Facebook komanso nambala ya WhatsApp ya bizinesi. Mwana wanga anandiuza kuti ndiziponya uthenga pa holide iliyonse kuti tsamba lichangamuke. Ndachita zimenezi chaka chathunthu: Khirisimasi, Chaka Chatsopano, Pasaka, 6 Julayi, nthawi zonse moni wokongola wokhala ndi dzina la shopu. Koma ndemanga palibe, malaiki ndi a abale anga okhaokha, ndipo palibe amene anabwera kudzasoketsa chifukwa cha moniwo. Kodi maholide amathandizadi, kapena ndikungotaya bandulo?

Yankho: Mayi, mwana wanuyo sanakunamizeni, kungoti anakuuzani nkhani yoduka. Maholide amathandizadi, ndipo telala amamuthandiza kuposa anthu a mabizinesi ena ambiri, chifukwa munthu amafuna chovala chatsopano pa masiku odziwika. Vuto lagona pa nthawi imene mukulankhula ndi pa zimene mukunena. Inu mukufika pa tsiku lenilenilo, pamene nkhani yogula inatha kale masabata awiri kapena atatu m'mbuyomo.

Taganizani za m'mawa wa pa 25 Disembala. Munthu atsegula foni, apeza moni wochokera ku banki, ku kampani ya mafoni, kwa phungu wa dera lake, ku mpingo, kusukulu ya mkaka ya mwana wake, ku saluni, onse mawu amodzimodzi ndi kamtengo ka nyali. Wanu uli penapake pakati pa mulu umenewo. Ngakhale atauwerenga, ayankha chiyani? "Zikomo" kapena "Ameni", basi. Mulibe funso, mulibe chomuthandiza, mulibe chokhudza moyo wake. Ndipo diresi la Khirisimasi walivala kale, losokedwa ndi telala wina amene anamukumbutsa mu Novembala.

Palinso kachitidwe ka Facebook mwini wake. Kuti munthu anadina kutsatira tsamba lanu sizitanthauza kuti aziona chilichonse chimene mwaponya. Facebook ndiyo imasankha zomuonetsa, ndipo mu Januwale 2018 mkulu wake, Mark Zuckerberg, analengeza kuti iziika patsogolo zolemba za abale ndi abwenzi komanso zimene zimautsa macheza enieni pakati pa anthu, pamene za masamba a mabizinesi zizioneka mocheperapo. Uthenga umene anthu angoudutsa osanenapo kanthu umafera pomwepo. Musayesenso kuzemba ndi mawu aja oti "lembani Ameni ngati mumakonda amayi anu" kapena "tchulani anzanu asanu". Mu Disembala 2017 Facebook inanena kuti zolemba zopempha malaiki ndi ndemanga mwa njira imeneyi izizikankhira pansi, ndipo anthu nawo zinawatopetsa kalekale.

Chimene holide imakupatsani ndi ichi: kwa masabata angapo, anthu ambiri amakhala akusinkhasinkha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Ndivala chiyani, ndigula chiyani, ndalama ndiipeza kuti, kwathu ndipita liti. Ntchito yanu ndi kuwapeza adakali mkati mosinkhasinkha, muli ndi yankho m'manja.

Tiyeni titenge Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala, chifukwa pa kalendala yonse ya Malawi palibe tsiku lina logwirizana ndi ntchito yanu ngati limeneli. Mphatso imene ana ambiri amayamba kuiganizira ndi chitenje. Tsopano werengani masiku chobwerera m'mbuyo, mukuyang'ana thumba la wogula. Anthu ambiri olembedwa ntchito amalandira kumapeto kwa mwezi, ndiye malipiro omaliza tsikuli lisanafike ndi a kumapeto kwa Seputembala. Pofika pa 10 Okutobala ndalama ija yapita kale ku lendi, ku ngongole ya pagolosale ndi ku fizi, pakuti Seputembala ndi mwezi umene chaka cha sukulu chimayamba. Munthu amene mwamukumbutsa pa 13 Okutobala amakhala ndi mtima wofuna koma m'thumba muli gwa. Amene mwamukumbutsa pakati pa Seputembala amapatula kangachepe malipiro akangolowa. N'chifukwa chake kwa telala tsikuli limayamba cha pa 15 Seputembala.

Sabata yoyambayo musagulitse kanthu. Funsani funso limene munthu aliyense ali nalo yankho lakelake. Mwachitsanzo: "Chitenje choyamba chimene munagulira mayi anu ndi ndalama ya thukuta lanu chinali chotani, ndipo iwo anati chiyani atalandira?" Funso lotere limasiyana kwambiri ndi lija la Ameni. Wina alemba kuti mayi ake anavina, wina kuti anachisunga m'sutikesi osachivala mpaka tsiku la chinkhoswe cha mdzukulu, kenako mchemwali wake alowerera kudzatsutsa kuti sichinali chobiriwira chinali chachikasu. Amenewo ndiwo macheza amene amakweza uthenga kuti ufike kwa anthu amene sanamvepo dzina lanu. Tsiku lina yalani zitenje ziwiri pamodzi, mujambule pa kuwala kwa dzuwa la m'mawa, mufunse kuti mayi wachikulire wokhala kutsogolo pa chinkhoswe angamukhale n'chiti. Anthu amakonda kupereka maganizo pa zovala za anzawo.

Koma mukafunsa, khalanipo. Aliyense wayankha mumuyankhe ndi mawu osonyeza kuti mwawerenga zimene walemba, osangoika kachizindikiro ka mtima. Apa ndi pamene masamba ambiri amagwera: aponya funso m'mawa n'kudzabweranso mawa lake. Ngati simungathe kukhala pa foni masana chifukwa muli pa makina, ponyani madzulo mutaweruka, pamene inu ndi makasitomala anu nonse mwakhala pansi.

Sabata yachiwiri perekani nzeru za ntchito yanu, zimene inu mumaziona ngati zodziwika kale koma wogula sazidziwa. Mwana wamwamuna wofuna kudzidzimutsa mayi ake sadziwa kuti angathe kungotenga diresi limene limawakhala bwino n'kubwera nalo kwa inu kuti mutengerepo miyeso. Sadziwa kuti mamita awiri ndi ongomanga m'chiuno, ndipo kuti siketi, bulauzi ndi duku zimafuna nsalu yoposa pamenepo. Sadziwa kusiyanitsa chitenje chosuluka ndi cholimba. Izi inu mukuzidziwa kuposa ine, ndipo uthenga wophunzitsa chinthu chimodzi chotere anthu amausunga n'kutumizira abale awo pa WhatsApp. Moni wa holide palibe amautumizira mnzake.

Malipiro akayandikira, ndiye tulutsani mitengo, ndipo muitulutse poyera. Chizolowezi cha "mtengo ku inbox" ine sindigwirizana nacho m'pang'ono pomwe. Munthu wamanyazi, amene akuopa kuti akafunsa n'kupeza kuti sangakwanitse achita manyazi kubwerera, sadzafunsa n'komwe, adzangopita kwa amene walemba mtengo. Ndikudziwa chifukwa chake ambiri amabisa: mitengo ya nsalu imasintha kawirikawiri, ndipo amene anali pa bizinesi mu Novembala 2023, kwacha itatsika mphamvu ndi 44 peresenti, akukumbukira mmene katundu anadumphira. Koma mankhwala ake ndi kulemba malire: "mtengo uwu ndi wa mpaka pa 30 Seputembala." Onjezani kuti dipoziti ndi zingati ndiponso kuti mumalandira pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Dipoziti imathandiza mbali zonse ziwiri, inu mumagulira nsalu ndi ulusi, wogula naye amamangika ndalama isanabalalike.

Pali gulu la anthu limene atelala ambiri amaliiwala, chonsecho ndi limene limafunitsitsa thandizo lanu: ana amene ali kunja. Ku South Africa tsiku la amayi limakhala Lamlungu lachiwiri la Meyi, ku Britain limakhala Lamlungu lachinayi la nyengo ya Lenti, nthawi zambiri mu Malichi. Ndiye Mmalawi amene ali ku Johannesburg, ku Cape Town kapena ku Manchester, pofika Okutobala palibe shopu kapena wailesi ya kumeneko imene ikumukumbutsa kuti kwawo pa 15 ndi tsiku la mayi ake. Amadzakumbukira ataona zithunzi za anzake, tsiku litafika kale, n'kungotumiza ndalama mwamanyazi. Lembani uthenga wolunjika kwa iwowo. Auzeni kuti angathe kusankha nsalu pa chithunzi, kutumiza ndalama kudzera pa Mukuru kapena njira ina imene amagwiritsa kale, ndipo inu mukonza zoti chovala chikafike kwa mayi awo ku Domasi, ku Thondwe kapena ku Jali. Chimene munthu wakutaliyu amaopa n'kuberedwa, choncho lonjezani zinthu zooneka: chithunzi cha nsalu itadulidwa, chithunzi cha chovala chitatha, ndi chithunzi kapena kuyimba foni mayi atalandira. Mukamuchitira mokhulupirika kamodzi, iye ndiye adzatchula dzina lanu m'magulu a WhatsApp a Amalawi a kumene ali, kumene inu simungafike.

Pa WhatsApp, kumbukirani kuti Status imakhala maola 24 okha ndipo amaiona ndi okhawo amene munasungirana manambala. Choncho aliyense wobwera pa shopu mumupemphe asunge nambala yanu, inunso musunge yake. Facebook imakupezerani anthu atsopano, Status imakumbutsa amene akukudziwani kale, ndipo ambiri ogula amachokera m'gulu lachiwirili. Pa Status ikani ntchito ili mkati: sizasi ikudula, makina akulira, madiresi atatu atapachikidwa kudikira eni ake. Makanema akhale aafupi, ndipo zonse zofunika zilembedwe pomwepo. Anthu ambiri amagula bandulo ya WhatsApp kapena ya Facebook yokha, ndiye mukawalozera kwina kunja kwa pamenepo sizitseguka.

Tsopano chenjezo limene ndikufuna mulimve bwino. Uthenga ukayenda, maoda amabwera mothithikana, ndipo mtima umafuna kulandira onse. Musatero. Werengani kuti makina anu amatulutsa zovala zingati pa tsiku, muchotsepo masiku amene magetsi angazime ngati makinawo ndi amagetsi, ndipo mulengeze tsiku lotsekera maoda, mwachitsanzo pa 5 Okutobala. Likafika tsekanidi, otsalawo muwagulitse zitenje zosasoka. Palibe chowononga dzina ngati mayi kukhala wopanda chovala pa 15 pamene mwana wake analipira, ndipo mkwiyo wa mwanayo udzalembedwa pa tsamba lomwelo limene mwavutika kulichangamutsa, anthu onse akuwerenga. Kulengeza tsiku lotsekera kumathandizanso kudzutsa ozengereza, bola likhale loona.

Pa tsiku lenilenilo moni ponyani ndithu, si tchimo, koma ukhale wanu. Chithunzi cha manja a mayi amene anakuphunzitsani kusoka, kapena cha makina anu oyamba, ndi mawu awiri atatu ochokera pansi pa mtima, chimaposa chithunzi cha maluwa chotengedwa pa intaneti. Mukumbukirenso kuti pakati pa owerenga pali amene mayi awo anagona, pali amayi amene anataya ana, palinso amene akhala akufuna mwana osamupeza. Kwa iwowa pa 15 Okutobala ndi tsiku lolemera. Chiganizo chimodzi chowakumbukira, chopanda malonda, chimawauza kuti kuseri kwa tsambalo kuli munthu. Musalembe mawu onyoza amene sanagule, monga aja oti mwana wabwino amaoneka ndi mphatso. Ena sanagule chifukwa alibe, ndipo sadzaiwala kuti munawachititsa manyazi.

Masiku atatu kapena anayi otsatira ndi amene amakolola kwambiri, koma ambiri amakhala atatseka kale nkhani. Anthu abwera kunyanja ku Mangochi, ajambulitsa ku tchalitchi, zithunzi zadzaza m'mafoni. Pemphani makasitomala akutumizireni chithunzi cha mayi atavala, ndipo mufunse chilolezo musanaponye, cha mwana ndi cha mayi yemwe, pakuti si mayi aliyense amafuna nkhope yake pa Facebook. Amene alola, banja lonse limabwera kudzayamikira pansi pa chithunzicho, azakhali, adzukulu, anzawo a ku mpingo, ndipo onsewo aona ntchito ya manja anu itavalidwa ndi munthu amene amamudziwa. Zithunzi zomwezo muzisunge, mudzayambira pamenepo chaka chamawa.

Njira imeneyi imafuna mphamvu, ndiye simungaichite pa holide iliyonse, ndipo sikofunika. Sankhani masiku anayi kapena asanu pa chaka amene anthu amasoketsadi. Khirisimasi ilipo, ndipo kukumbutsa kwake kuyambe malipiro a Novembala asanatuluke. Eid ilipo, makamaka kwanuko kumene Asilamu ndi ambiri, ku Zomba konko, ku Machinga ndi ku Mangochi. Tsiku lake limatsata mwezi wakumwamba ndipo chaka chilichonse limabwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11, choncho funsani makasitomala anu achisilamu kuti Ramadan iyamba liti, muyambe kulandira maoda kusala kukangoyamba. Ngati si chipembedzo chanu, afunseninso mawu oyenera a moni ndi masitayelo oyenera, musalembe zongoganizira. Pasaka nayo imasuntha pakati pa 22 Malichi ndi 25 Epulo, ndipo makwaya ndi magulu a amayi amasoketsa mayunifomu nthawi imeneyo, oda imodzi ya anthu ambiri.

Ndiye pali masiku amene sali pa kalendala ya boma koma kwa inu ndi aakulu kuposa maholide ena. Muli mumzinda wa University of Malawi. Tsiku lopereka madigiri ku Great Hall likalengezedwa, makolo, azakhali ndi omaliza maphunziro onse amafuna chovala, ndipo telala wa ku Lilongwe sangapikisane nanu pa zimenezo. Miyezi yopanda mvula ndi ya zinkhoswe ndi maukwati. Mu Okutobala kuli Mulhako wa Alhomwe ku Chonde, m'boma la Mulanje, kumapeto kwa Ogasiti kuli Kulamba ku Mkaika, ku Katete m'dziko la Zambia, ndipo opita kumeneko amasoketsa nsalu za mwambowo. Ngakhale nyengo yeniyeniyo ndi nkhani: chiperoni chikagwa mu Juni kapena Julayi aliyense pa Facebook akudandaula kuzizira, ndipo uthenga wa majekete okhala ndi chitenje umagwa pa nthaka yonyowa kale. Januwale ndi mwezi wowawa, ndalama zathera ku Khirisimasi, ku fizi ndi ku feteleza. Musalimbane nawo ndi madiresi odula. Lankhulani za kufutukula yunifomu imene yamuthina mwana, kusintha zipi, kusandutsa diresi lakale kukhala siketi. Anthu amakumbukira amene anawamvetsa pa nthawi yovuta.

Masiku ena angodutsani. Pa 15 Januwale tikumbukira John Chilembwe, pa 14 Meyi Kamuzu, ndipo palibe chingwe cholumikiza masiku amenewa ndi diresi. Kukakamiza kulumikiza kumaoneka. Pa 1 Meyi, ngati muli ndi anyamata kapena atsikana okuthandizani, aonetseni n'kuwathokoza, zimenezo n'zoona ndipo anthu amazikonda. Pa 6 Julayi mungathe kusewera ndi mitundu yakuda, yofiira ndi yobiriwira, koma samalani ndi mbendera yeniyeniyo, pakuti pali lamulo loteteza mbendera ndi zizindikiro za dziko kuti zisamagwiritsidwe ntchito mwachisawawa pa malonda. Pa 3 Malichi musaponye malonda ayi. Ndi tsiku lokumbukira anthu amene anaphedwa mu 1959, ambiri a iwo pa doko la Nkhata Bay, ndipo akuluakulu amene anakula m'nthawi ya Kamuzu amalidziwa ngati tsiku lachisoni, lokhala phee. Kutsitsa mitengo m'dzina la anthu amene anafa n'kusowa ulemu.

Za Black Friday, imene yafala m'mashopu akuluakulu kumapeto kwa Novembala, ndinene mwachidule. Inachokera ku America, ndi Lachisanu lotsatira chikondwerero chawo cha Thanksgiving, ndipo imayenera amene ali ndi katundu wambiri wofuna kuchotsa m'nyumba yosungiramo. Telala amagulitsa nthawi ndi luso lake, ndipo kumapeto kwa Novembala ndi pamene nthawi yakeyo ikufunidwa kwambiri. Kutsitsa mtengo pamenepo n'kudzibera wekha. Ngati muli ndi zitenje zokhalitsa, tsitsani zimenezo, ndipo mutsitsedi. Kukweza mtengo dzulo n'kuutsitsa lero kuti zioneke ngati sale ndi chinyengo, anthu amasunga zithunzi za mitengo yakale, komanso bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a kutsatsa konyenga.

Palinso zochitika zimene sizichenjeza. Usiku wa pa 25 Januwale 2022, Gabadinho Mhango atamwetsa chigoli chija chakutali pa masewero a Flames ndi Morocco ku Cameroon, Amalawi kulikonse anali pa foni nthawi imodzi, ndipo ngakhale tinagonja 2-1 nkhani inali yomweyo kwa masiku. Temwa Chawinga atasankhidwa kukhala wosewera wopambana mu ligi ya amayi ya ku America mu 2024, chimwemwe chinali chomwecho. Pa nthawi zotere sangalalani limodzi ndi anthu, mwachangu komanso mwachidule, ngati inuyo mukusangalaladi. Mawa lake zatha. Matimu a mpira a Maule ndi Noma akamakumana, kuyala nsalu yofiira pambali pa yabuluu n'kufunsa kuti Loweruka tisoka iti kumabweretsa phokoso lokoma. Dziwani chabe kuti ndemanga za mpira zimachuluka koma sizisanduka maoda kawirikawiri, ndipo zikayamba kutukwana muzifufute msanga, amayi amene mukuwafuna sakhala pamalo otukwanizana. Muzichita mwa apo ndi apo, zongosangalatsa.

Ndale zisiyeni kutali. Nthawi ya chisankho, monga cha pa 16 Seputembala 2025, nkhani zonse pa intaneti zimakhala za zipani, ndipo chiyeso cholowapo kuti tsamba liyende chimakhala chachikulu. Kasitomala akabwera ndi nsalu ya chipani musokereni, ndi ntchito, koma musaiponye pa tsamba. Makasitomala anu ali m'zipani zonse, ndipo chithunzi chimodzi chingakupatseni dzina limene simungalichotse.

Chachikulu pa zonse ndi kudziwa nthawi yokhala chete. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy atagumula mapiri ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe n'kupha anthu mazanamazana, ndiponso mu Juni 2024 ndege imene inanyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu itagwa ku Chikangawa, boma n'kulengeza masiku 21 a chisoni, anthu ankatsegula mafoni kufuna nkhani za abale ndi za maliro. Kutsatsa diresi pakati pa zimenezo kuli ngati kufika pa siwa ndi dengu la mandasi n'kuyamba kuitanira. Pepesani ndi mawu ochepa, opanda mitengo, opanda nambala ya foni, kenako mudikire masiku angapo. Ngati mukufuna kuthandiza okhudzidwa, sonkhanitsani zovala kapena nsalu mupereke, ndipo musanene kuti wogula diresi ndiye wathandiza ovutika. Apa pali msampha kwa amene amakonzeratu mauthenga. Meta Business Suite, pulogalamu ya Facebook yoyendetsera masamba a bizinesi, imalola kuika uthenga lero kuti udzatuluke wokha sabata yamawa, ndipo n'chida chabwino kwa munthu wotanganidwa ngati inu, koma icho sichidziwa kuti dziko lagwa m'chisoni. Mukangomva nkhani yoipa, yaikulu ya dziko kapena ya m'dera lanu lomwelo, chinthu choyamba tsegulani muone chimene chikudikira kutuluka, muchiimitse.

Pa funso lanu loti mukungotaya bandulo, yankho lidzachokera m'kope, osati pa malaiki. Gulani kope laling'ono, ndipo aliyense wofunsa mtengo kapena wopereka dipoziti mumufunse kuti anamva kuti za inu. Lembani tsiku, chimene anafuna, ndi kumene anamva, kaya pa Facebook, pa Status kapena kwa mnzake. Uthenga wa malaiki ochepa umene wabweretsa maoda atatu waposa wa malaiki mazana umene sunabweretse aliyense. Nyengo imodzi ikatha mudzaona nokha funso limene linautsa anthu, tsiku limene maoda anayamba kulowa, ndi nsalu imene inatha msanga, ndipo chaka chinacho mudzadziwa zopikula ndi nthawi yake.

Kopelo lidzakuuzaninso ngati n'koyenera kulipira Facebook kuti ionetse uthenga wanu kwa anthu ambiri. Pakadali pano musalipire. Ndalama siisandutsa uthenga wozizira kukhala wotentha, imangouonetsa kwa anthu ambiri oti audutse. Mukadzakhala ndi uthenga umene wautsa kale macheza pawokha, wokhala ndi mtengo ndi tsiku lotsekera maoda, umenewo ndiwo mungauikire kangachepe kwa masiku atatu kapena anayi ozungulira malipiro, ndipo posankha oti auone mutchule Zomba ndi madera amene mungathe kufikitsako katundu, osati Malawi yense.